Galimoto ikakalamba m'pamene lamulo likuti ilowe

Ku Japan kuli nyumba zosungiramo katundu zomwe mkati mwake mwandandalikidwa magalimoto ofunditsidwa nsalu, mabatire atachotsedwa, akungodikira kalendala. Eni ake ali kutsidya kwa nyanja, ku America. Analipira kalekale, ndipo mwezi ukatha amatumizanso ndalama ya malo. Ena amalandira kavidiyo ka pafoni kosonyeza wantchito akuliza injini kwa mphindi zingapo kuti mafuta ayende, kenako n'kuzimitsa, n'kubwezera nsalu. Galimotozo zilibe chilema. Mabuleki ali bwino, injini ikulira mokoma. Mlandu wake ndi umodzi wokha, woti sizinakule msinkhu.

Lamulo la ku America limati galimoto yomwe sinapangidwe motsatira miyezo ya chitetezo ya dzikolo singalowe kuti izikayenda pamsewu mpaka itakwanitsa zaka 25, ndipo amawerenga kuyambira mwezi womwe inatuluka m'fakitale. Nissan Skyline GT-R ya mtundu wa R34, yomwe okonda magalimoto aliwiro amailota usiku, inayamba kupangidwa mu Januwale 1999. Choncho yoyambirira inaloledwa kulowa mu Januwale 2024. Yopangidwa mu Febuluwale inadikira Febuluwale. Pa nkhani ya utsi pali bungwe lina loteteza chilengedwe, la EPA, lomwe malire ake ndi zaka 21, bola injini ikhale yomwe galimotoyo inabadwa nayo. Koma chipata chachikulu ndi cha zaka 25 chija, chomwe amalondera ndi a NHTSA, bungwe loona za chitetezo cha pamsewu.

Ine ndikuti lamulo limeneli limafunsa funso lolakwika. Limafunsa tsiku lobadwa la galimoto pamene linayenera kufunsa ngati galimotoyo ingaphe munthu. Ndipo pamene ndikulitsutsa, sindili kumbali ya anzanga ena okonda liwiro amene amati boma lingochoka panjira, aliyense alowetse chomwe mtima wake wafuna. Nawonso ndili nawo mawu kutsogoloku.

Tiyambe ndi komwe linachokera, chifukwa mbiri yake imaulula zambiri. Mu 1966 dziko la America linakhazikitsa lamulo la chitetezo cha magalimoto, ndipo pofika 1968 miyezo yake inayamba kugwira ntchito. Miyezoyo inasiyana ndi ya ku Ulaya pa zinthu zambiri: mtundu wa nyali zakutsogolo, timagetsi ta m'mbali, zitsulo za m'zitseko, ndipo m'zaka za m'ma 1970 anaonjezera mabampala akuluakulu oti asaphwanyike galimoto ikagunda chinthu pa liwiro la mamailosi 5 pa ola. Kampani ya ku Ulaya yofuna kugulitsa kumeneko inkayenera kupanga mtundu wapadera, kawirikawiri wolemera kwambiri ndi wochepa mphamvu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 dola inali ndi mphamvu zedi, ndiye anthu anatulukira njira. Ankapita ku Germany, n'kugula Mercedes 500 SEL yomwe panthawiyo sinkagulitsidwa kwawo, n'kuikweza sitima, n'kukaipereka ku galaja kuti aisinthe nyali ndi mabampala. Zonse pamodzi zinkatsika mtengo kuposa kugula 380 SEL kwa wogulitsa wovomerezeka wa mumzinda mwawo. Mu 1985 mokha magalimoto olowa mwanjira imeneyi anaposa 60,000.

Amene nkhaniyi inawapweteka kwambiri anali ogulitsa ovomerezeka aja. Makampani a magalimoto, Mercedes-Benz ili patsogolo, anapita kukadandaula ku nyumba ya malamulo ya Congress, ndipo mu 1988 Pulezidenti Ronald Reagan anasaina lamulo lomwe linatseka msika umenewu. Mawu oti chitetezo ali m'dzina lenileni la lamulolo. Ndinene chilungamo, dandaulolo silinali bodza lokhalokha. Magalaja ena ankachita zachinyengo. Ankasaina mapepala oti aika zitsulo m'zitseko asanaike, ena ankawotcherera mwachisawawa, ena ankaika zida zochepetsa utsi pamalo poti zikhoza kuyatsa moto. Wogula ankapatsidwa galimoto yonyezimira kunja, mkati muli zodabwitsa. Boma linali ndi chifukwa cholowererapo. Koma mankhwala amene linasankha ndi amene anapindulira ogulitsa kuposa oyenda pamsewu, ndipo zaka 25 zija zinaikidwa ngati kakhomo ka osonkhanitsa magalimoto akale, poganiza kuti pofika msinkhu umenewo galimoto sipikisananso ndi yatsopano ya mu shopu. Nambala imeneyo imayankha nkhawa ya wamalonda. Injiniya sangaipeze pa chipangizo chake chilichonse.

Taikani magalimoto awiri pambali ndi pambali. Yoyamba ndi Skyline GT-R ya R32, ya 1989. Ndi galimoto yoopsa pa mjaha: injini ya malita 2.6 yokhala ndi ma turbo awiri, mphamvu ikupita ku matayala onse anayi, ndipo pa mpikisano wa ku Japan wa Group A inapambana mipikisano yonse 29 yomwe inalowa pakati pa 1990 ndi 1993. Ku Australia anaipatsa dzina loti Godzilla, ndipo inatenga chikho cha Bathurst 1000 mu 1991 ndi 1992. Koma ya 1989 ilibe airbag, kathumba kaja kamafufuma pangozi, ilibenso kompyuta yoigwira ikayamba kutsetsereka pokhota. Kuyambira 2014 galimoto imeneyi ndi yololedwa ku America popanda kusintha kanthu pa chitetezo chake. Yachiwiri ndi Toyota GR Yaris ya 2020, kagalimoto kolusa komwe kali ndi ma airbag, mabuleki amakono ndi kompyuta yoteteza kutsetsereka, ndipo kanavomerezedwa ku Ulaya, ku Japan ndi ku Australia. Imeneyi ndiye yoletsedwa mpaka 2045. Munthu wofuna kuteteza moyo wa dalaivala angasankhe iti kuti mwana wake akwere?

Pali china choseketsa. GR Yaris yomweyo inagulitsidwa ku Mexico. Mlendo wochokera kumeneko, kapena kwina kulikonse, amaloledwa kulowa ku America ndi galimoto yake n'kuiyendetsa mpaka chaka chathunthu, bola asaigulitse ndipo aituluke nayo nthawi ikakwana. Ndiye kuti pamsewu womwewo wa ku Texas, galimoto yomweyo ndi yabwinobwino ikakhala ya mlendo, koma ndi chiopsezo ikakhala ya mwini mudzi. Chitsulo sichidziwa pasipoti ya woyendetsa.

Wina anena kuti njira ilipo ya galimoto yosakwana zaka 25, ndipo n'zoona, pamapepala ilipo. Umapita kwa kampani yolembetsedwa ku boma kuti izilowetsa magalimoto otere, umaika chikole cha ndalama zokwana 150 pa 100 alionse a mtengo wa galimotoyo, ndipo kampaniyo imaisintha kuti igwirizane ndi miyezo. Zimatheka ngati galimotoyo ili ndi m'bale wake wofanana naye yemwe anagulitsidwapo kale ku America. Ikakhala yachilendo kotheratu, pamafunika umboni woti ikhoza kukwanitsa miyezo ya pangozi, ndipo umboni umenewo nthawi zambiri umatanthauza kugula magalimoto angapo n'kuwamenyetsa kukhoma. Kampani ina ya ku California, ya Motorex, inachitadi zimenezo ndi ma Skyline a R33, mtundu wa pakati pa R32 ndi R34, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, n'kupatsidwa chilolezo. Kenako inayamba kulowetsa ma R32 ndi ma R34 pa chilolezo chomwecho ngati kuti ndi galimoto imodzi. Zinthu zitaululika, mu 2006 boma linabweza chilolezo cha mitundu inayo n'kungosiya R33 ya 1996 mpaka 1998. Khomo lomwe linali lopapatiza kale linatsala kam'ng'alu.

Khomo lina linatsegulidwa ndi anthu olemera, ndipo nkhani yake imandisangalatsa ndi kundikwiyitsa nthawi imodzi. Porsche 959 inali galimoto yodabwitsa ya m'zaka za m'ma 1980, ndipo zinapangidwa pafupifupi 300 zokha. Kampani ya Porsche sinafune kupereka magalimoto oti akaphwanyidwe poyesa, ndiye 959 sinaloledwe ku America. Bill Gates, mpondamatiki wa kampani ya Microsoft, anagula yake, ndipo inakhala m'manja mwa a kasitomu zaka 13. Munthu wamba akanangolira n'kuiwala. Koma eni ake a 959 anali anthu oti akagogoda pakhomo la aphungu amatsegulidwa, ndipo mu 1999 panabadwa chilolezo chotchedwa Show or Display. Chimalola galimoto yosowa, kawirikawiri yomwe zinapangidwa zosaposa 500, ndiponso yofunika pa mbiri kapena luso, kuti ilowe n'kumayenda mamailosi osapitirira 2,500 pa chaka, omwe ndi makilomita pafupifupi 4,000. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndilibe nsanje ndi 959 ya munthu. Chondivuta n'choti pamenepa boma linavomera lokha kuti galimoto yosayesedwa pangozi ikhoza kuyenda pamsewu wa anthu onse popanda thambo kugwa, koma linapereka chivomerezocho kwa magalimoto okhawo amene mtengo wake munthu wolandira malipiro a pamwezi sangaulote. Mphunzitsi wofuna Lotus Elise yoyambirira kapena Renault Clio V6 anauzidwa kuti adikire zaka zake zikwane.

Kuti muone kuti nambala ya zaka ndi yongoganizira, yang'anani maiko ena. Canada, yomwe miyezo yake ya magalimoto ndi yofanana kwambiri ndi ya America, malire ake ndi zaka 15. N'chifukwa chake ma R34 ankayenda m'misewu ya ku Vancouver ndi Toronto kwa zaka khumi pamene kungodutsa malire n'kukalembetsa ku Seattle kunali kuswa lamulo. Kenya inatembenuza nkhani yonse: kumeneko galimoto yopitirira zaka 8 ndiye yosaloledwa, ndipo iyenera kukhala ya chiwongolero cha kumanja. Dziko lina likuti bwera ukakalamba, lina likuti bwera usanakalambe, ndipo onse awiri akulumbira kuti akuteteza anthu. Pa awiriwa a ku Kenya ndiwo ali ndi mfundo yomveka, chifukwa galimoto yatsopano imatulutsadi utsi wochepa ndipo imateteza bwino pangozi. Komabe nawonso akuyeza msinkhu, osati galimoto.

Nanga choyenera kuyezedwa n'chiyani? Zilipo zinthu zenizeni, ndipo apa m'pamene ndimasiyana ndi anzanga amene amati malamulo onse ndi nkhanza. Imikani galimoto usiku moyang'ana khoma, mamita angapo, n'kuyatsa nyali zapansi. Muona kuti kuwala sikugwa mofanana. Pali mzere wodula pamwamba, ndipo mbali imodzi mzerewo umakwera. Galimoto yopangidwira dziko loyenda kumanzere, monga Japan kapena Britain, kuwala kwake kumakwera chakumanzere kuti kuunikire zikwangwani ndi oyenda pansi m'mbali mwa msewu. Ipititseni kudziko loyenda kumanja osasintha nyali, kuwala kokwerako kumalasa m'maso mwa dalaivala amene akubwera kutsogolo. Mwini galimoto saona vuto lililonse. Amene wachititsidwa khungu kwa masekondi awiri ndi mnzake, ndipo mnzakeyo sanafunsidwe maganizo pamene galimotoyo inkagulidwa.

Chiwongolero nachonso si nkhani yamasewera. Khalani kumpando wa kumanja pamsewu wopapatiza wa dziko loyenda kumanja, kutsogolo kuli thiraki yoyenda pang'onopang'ono. Inu muli kumbali ya ngalande. Kuti muone ngati kutsogolo kuli bwino, muyenera kutulutsa pafupifupi galimoto yonse mumzere wa obwera, kapena kudalira wokwera naye kuti akuuzeni kuti pitani. Galimoto yaliwiro imanyenga pamenepa, chifukwa phazi limakuuza kuti ndidutsa msanga pamene maso sanaone kanthu. Bungwe la inshuwalansi la boma la British Columbia ku Canada, la ICBC, linafufuza nkhaniyi mu 2007 ndipo linapeza kuti magalimoto a chiwongolero cha kumanja ankachita ngozi kwambiri kuposa anzawo ofanana nawo, ndi 40 pa 100 alionse kapena kupitirirapo. Umenewo ndi umboni woti munthu akhoza kumangirapo lamulo, kaya la inshuwalansi yokwera, kaya la maphunziro apadera a dalaivala. Koma lamulo la zaka 25 silinena kanthu za mbali ya chiwongolero. Galimoto ikangokwanitsa zaka, ilowe ndi chiwongolero chake ndi nyali zake momwe zilili. Chiopsezo chomwe chili ndi umboni achisiya, akulondera chomwe chilibe.

Njira yabwinopo ilipo kale, ndipo sikuti ndaitulukira ine. Ku Britain galimoto yochokera kunja yosakwana zaka 10, yomwe ilibe chiphaso chovomerezeka kumeneko, imapita kukayesedwa payokha pa dongosolo lotchedwa IVA. Woyesa amayang'ana mabuleki, malamba, phokoso, utsi, komwe nyali zikuloza, nyali yofiira ya m'chifunga kumbuyo, ndiponso ngati wotchi ya liwiro ikuwerenga mamailosi. Pa magalimoto ena amatenga kampira kolimba ka mamilimita 100 n'kumakayendetsa pathupi la galimoto, ndipo paliponse pamene kakhudza payenera kukhala posalala, osati pakuthwa poti pakhoza kung'amba munthu woyenda pansi. Galimoto ikalephera, mwini wake amapatsidwa mndandanda wa zokonza n'kubweranso. Ku Australia ali ndi kaundula wa magalimoto apadera, wa SEVS, ndipo chimodzi mwa zifukwa zomwe galimoto ingalowere m'kaundulamo ndi mphamvu ya injini poyerekeza ndi kulemera kwake. Kumeneko boma linavomereza poyera kuti anthu okonda magalimoto otere alipo, ndi ochepa, ndipo n'kwabwino kuwapatsa khomo lowala kusiyana n'kuwasiya akufunafuna mipata kumdima.

Pali mfundo imodzi yamphamvu yotsutsa zimenezi, ndipo sindiithawa. Woyesa wa pagalaja akhoza kuona nyali ndi mabuleki, koma sangaone momwe chitsulo chidzapindikire galimoto ikadzawombana ndi ina. Zimenezo zimadziwika pokhapokha galimoto itaphwanyidwa. N'zoona. Koma magalimoto ambiri amene tikukambawa anaphwanyidwa kale, kungoti anaphwanyidwira ku Ulaya kapena ku Japan. Kuyambira 1958 pali pangano la ku Geneva, pansi pa United Nations, loti maiko azivomerezana ziphaso za magalimoto ndi zipangizo zake. Maiko a ku Ulaya ali momwemo, Japan inalowa mu 1998, Australia ndi South Africa analowanso. America ndi Canada sanalowe. Ku America kampani imadzitsimikizira yokha kuti yatsata miyezo, boma n'kumadzayesa pambuyo, ndipo miyezoyo ndi yawoyawo. Sindikunena kuti ya ku America ndi yofooka, pena ndi yokhwima kuposa ya ku Ulaya, pena ya ku Ulaya ndiyo yokhwima. Koma palibe amene angaime pagulu n'kunena ndi nkhope yowongoka kuti Alpine A110 yomwe ikuyenda m'misewu ya ku France ndi Germany ndi bokosi la maliro, pamene galimoto ya 1989 yopanda airbag ndiye malo othawirako. Kwa munthu mmodzi wolowetsa galimoto imodzi yoti aziyendera yekha, chiphaso cha dziko lina lokhwima pa chitetezo, kuphatikiza kuyesa nyali, utsi ndi mabuleki ikafika padoko, zinayenera kukwanira. Ngati akuopa kuti msika wa ogulitsa usefukira, aike malire a chiwerengero pa chaka, ndipo anene mosabisa kuti malirewo ndi a zamalonda.

Tsopano kwa anzanga aja. Lamulo likakhala lopusa sindiye kuti wolizembera ndi wochenjera. Njira yofala ndi yosintha nambala ya chasisi: amachotsa kachitsulo ka nambala pa galimoto yakale yomwe inafa, n'kukakhomera pa yatsopano kuti ioneke ngati yakwanitsa zaka. Ena amailowetsa zidutswazidutswa ngati zipangizo, n'kukailumikiza mkati mwa dziko. A kasitomu anazidziwa kalekale zimenezi. Mu 2013 ku Baltimore anaphwanya Land Rover Defender ya nambala yachinyengo, akujambula vidiyo kuti dziko lonse lione chikono cha makina chikuifinya ngati chitini. Chaka chotsatira apolisi a boma anafika m'makomo mwa anthu m'maboma angapo n'kulanda ma Land Rover 40, ndipo ambiri mwa eni ake anali anthu omwe anangogula kwa ena osadziwa kanthu. Ena anabwezeredwa magalimoto awo atalimbana kukhoti, koma nkhawa ndi nthawi yotayika palibe anawabwezera. Wosintha nambala uja amakhala atadya kale ndalama. Amene amadzuka m'mamawa n'kupeza apolisi pageti ndi wogula wachiwiri kapena wachitatu. Ndipo chinyengo chilichonse chogwidwa chimapatsa oteteza lamuloli chifukwa china chonenera kuti mwaona, anthu amenewa n'ngosadalirika.

Ngakhale wotsata zonse mwachilungamo asafulumire kuvina. Chilolezo cha boma lalikulu ndi cholowera padoko basi. Nambala ya pamsewu imaperekedwa ndi boma la dera lomwe munthu akukhala, ndipo lililonse lili ndi mutu wake. California ili ndi miyezo yakeyake ya utsi, yoti galimoto yololedwa kwina konse ikhoza kukanidwa kumeneko mpaka itayesedwa ku labotale pa mtengo wowawa. Mu 2021 boma la Maine linayamba kufafaniza kalembera wa ma Mitsubishi Delica omwe analowa mwalamulo ndipo anali akuyenda kale. Palinso kankhani kakang'ono kotopetsa: magalimoto a pamsika wa ku Japan ali ndi nambala ya chasisi yaifupi, yoyamba ndi zilembo ngati BNR34, pamene makompyuta a m'maofesi a kalembera ndi a inshuwalansi ku America anazolowera nambala ya zilembo 17. Kalaliki amalemba, kompyuta ikukana, amalembanso, ikukananso, mzere kumbuyo ukutalika. Walira mvula walira matope.

Ma R34 omaliza anatuluka m'fakitale mu Ogasiti 2002, choncho nthawi yawo ndi Ogasiti 2027. Pofika tsikulo, mapaipi a labala amakhala atauma, matayala atachita ming'alu pongokhala, malamba a pampando atatha zaka 25 akutenthedwa ndi kuzizidwa, ndipo mtengo utakwera kangapo chifukwa msika wonse umadziwa mwezi womwe chipata chitseguke. Nsalu ija amaivundukula, batire amabwezera, galimoto imakwera sitima. Padoko mwini wake amadzaza fomu ya HS-7, n'kuchonga kabokosi koyamba, koti galimotoyi yakwanitsa zaka 25. Wa kasitomu amafananiza mwezi ndi chaka ndi mapepala a ku fakitale, n'kudinda. Pa fomuyo palibe pofunsa za mabuleki.